Habu ikathyoka, chipatala chimatalikira

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Mawu amenewa sasowa womasulira m'madera a mafamu a ku Mashonaland, m'dziko la Zimbabwe, kumene mvula imayamba mu Novembala n'kudzalekeza mu Malichi kapena Epulo. Mlimi wa fodya ku Karoi, ku Mvurwi kapena ku Macheke amaidikira mvulayo ndi mtima wonse, koma ikangokhazikika, msewu wochoka pa famu kukalowa mu tala umasanduka phala. Katondo wa ku Mazowe ndi ku Banket amamata matayala ngati ulimbo, ndipo m'madambo galimoto imamira pang'onopang'ono eni ake akuona.

M'nyengo imeneyi si zachilendo kupeza Land Cruiser kapena Hilux yakale itatitimira, matayala akumbuyo akuzungulira mpaka kufuka utsi, pamene akutsogolo angoti duu, ngati kuti nkhaniyo sikuwakhudza. Pambali pa galimotoyo pamakhala patalembedwa bwino lomwe kuti 4WD, kusonyeza kuti imakoka ndi matayala onse anayi. Dalaivala walowetsa giya yoyenera, injini ikulira monga mwa masiku onse, koma kutsogolo kulibe mphamvu. Odzaonerera amayamba kuweruza mlandu: ena ati giyabokosi yatha, ena ati ndi difu, enanso ati galimotoyo yangokalamba, igulitsidwe. Kawirikawiri onsewa amakhala akunamizira zosalakwa. Wolakwa weniweni amakhala kachitsulo kobulungira, kukula kwake ngati kapu ya tiyi, kamene kamatulukira pakati pa tayala lakutsogolo. Amakaniko amakatcha habu.

Pamaso pa habu pali kachogwirira kopotokola ndi zala, ndipo m'mbali mwake mudalembedwa mawu awiri a Chingerezi, FREE ndi LOCK. Galimoto zakale zoterezi zimayenda ndi matayala akumbuyo okha nthawi zambiri. Dalaivala akakankha kandodo kachiwiri ka giya kukafika pa H4 kapena L4, mphamvu ya injini imagawidwa, ina n'kupita kutsogolo kudzera mu shafiti yaitali ya pansi pa galimoto, kulowa mu difu, kenako m'mashafiti awiri a m'mbali, mpaka kufika pakhomo pa tayala. Habu ndiye mlonda wa pakhomopo. Ikakhala pa FREE, tayala limazungulira palokha pa mabeling'i ake, zitsulo zam'kati zikupuma. Mafuta amapulumukako pang'ono ndipo zitsulozo sizitha msanga. Ikakhala pa LOCK, mphete ya mano yomwe ili m'kati imakankhidwa ndi sipuling'i n'kukalumana ndi mano a giya yovekedwa kumapeto kwa shafiti, ndipo tayala ndi shafitiyo zimasanduka chinthu chimodzi.

Nzeru imeneyi si ya lero. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, m'dziko la America mudadzaza ma Jeep otsala kunkhondo omwe anthu wamba adagula. Galimotozo zinkazunguza zitsulo zonse zakutsogolo ngakhale pa msewu wabwino, ndipo zinkamwa mafuta mosayenera. M'chaka cha 1948 a Arthur Warn, a m'chigawo cha Washington, adayamba kupanga mahabu omasula matayala akutsogolo, ndipo kampani ya dzina lawo ilipo mpaka lero. Koma mahabu amene ali pa ma Toyota ambiri kum'mwera kuno kwa Africa ndi a kampani ya Aisin ya ku Japan. Amapezekanso a AVM ochokera ku Brazil.

Chimene chimazunguza mitu ya anthu ambiri n'chakuti habu imodzi yokha ikalephera, matayala onse awiri akutsogolo amafa. Chifukwa chake ndi khalidwe la difu. Difu ndi yaulesi: mphamvu imaitumiza kumene kuli kopepuka. Tsono shafiti ya mbali yothyoka, pokhala sikukoka kanthu, imalandira mphamvu yonse n'kumangozungulira chabe m'kati, pamene tayala la mbali yabwino langoima. Munthu woima panja saona kanthu. Amangoona galimoto ya matayala anayi ikuchita manyazi pamalo pamene ngolo ya ng'ombe yadutsa.

Msewu wopanda mwini

Wina akhoza kudabwa kuti tsamba la nkhani za chitukuko likutayiranji inki pa kachitsulo ka galimoto. Yankho lili m'misewu ya ku Mashonaland ndiponso mwa anthu okhala kumapeto kwa misewuyo.

Kale misewu ya m'madera a mafamu akuluakulu inkasamalidwa ndi makhonsolo apadera omwe ankatolera msonkho kwa eni mafamuwo, ndipo anali ndi makina awo opalira misewu. Makhonsolo amenewa adaphatikizidwa ndi a kumidzi m'chaka cha 1993. Msewu wa m'kati mwa famu, wopita ku mabani a fodya ndi ku komboni ya antchito, ankaukonza ndi mwini famu ndi thirakitala yake, osati chifukwa cha chifundo, koma chifukwa fodya wake ankadutsa pomwepo. M'chaka cha 2000 boma lidayamba ndondomeko yogawanso minda mwachangu. Mafamu ambiri adadulidwa, ena kukhala minda ing'onoing'ono yotchedwa A1, ena kukhala yokulirapo yotchedwa A2. Msewu umene udali wa munthu mmodzi udasanduka wa mabanja makumimakumi. Aliyense amayendapo, koma palibe amene ali ndi makina oupalira. Mu Febuluwale 2021 boma la Zimbabwe lidalengeza kuti misewu ya dziko lonse ili pa ngozi, ndipo lidayamba ntchito yoikonza mwadzidzidzi. Phindu la ntchitoyo likuoneka m'misewu ikuluikulu. Kamsewu ka makilomita khumi kopita ku komboni kadakali kudikira.

Komabe kumapeto kwa timisewu timeneti n'kumene kukuchokera chuma. Zimbabwe idagulitsa fodya wokwana makilogalamu pafupifupi 237 miliyoni m'chaka cha 2000. Pofika 2008 adatsika kufika pansi pa 50 miliyoni, koma mu 2023 adakwera kufika pa 296 miliyoni, ndipo ambiri mwa olima fodyayu tsopano ndi alimi ang'onoang'ono. Ntchito yolemetsa ya fodya imagwa m'dzinja lenilenilo: feteleza ayenera kufika nthawi yake, nkhuni zowotchera m'mabani zitutidwe, ndipo mabelo oyamba amanyamuka misika ikamatsegulidwa mu Malichi, matope asanaume. Mlimi amene wapezako bwino amathamangira kugula galimoto, ndipo ndalama zake zimafika pa yakale: Hilux ya m'zaka za m'ma 1990, Land Cruiser yomwe bungwe lina lidagulitsa itatha zaka zake, kapena Isuzu yotsala pa famu. Owerenga a ku Kasungu, ku Mchinji, ku Chipata ndi ku Angonia azizindikira galimoto zimenezi, pakuti ndi zomwezo zimene zimanyamula chimanga, kwaya ndi maliro kwawoko.

Galimoto yotereyi ikafika m'dera imasiya kukhala ya mwini yekha. Usiku ndiyo ambulansi. Akatswiri a za uchembere wabwino amatchula kuchedwa kwa mitundu itatu komwe kumapha amayi oyembekezera: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa kufika, ndi kuchedwa kulandira thandizo atafika. Misonkhano yambiri imakamba za koyamba ndi kachitatu. Kuchedwa kwachiwiri ndi nkhani ya mlatho, dizilo ndi habu. Mayi wa ku komboni ya pafupi ndi Raffingora akhoza kukhala atamva uphungu wonse wa azaumoyo, atalongedza zitenje ndi beseni, anamwino a ku Banket kapena ku Chinhoyi ali tcheru, koma ulendo wonse n'kuthera pa dambo limodzi. Kolera nayo ndi mlendo wa m'dzinja. Mliri wa 2008 ndi 2009 udagwira anthu oposa 98,000 m'Zimbabwe n'kupha oposa 4,000, ndipo wina udabukanso ku Chegutu mu Febuluwale 2023. Wodwala kolera amatha madzi m'thupi m'maola ochepa. Alibe nthawi yodikira ng'ombe zodzakoka galimoto.

Mmene imafera, mmene imadzukira

Habu siifa tsiku limodzi. Mdani wake woyamba ndi madzi. Galimoto ikawoloka mtsinje habu ili yotentha, mpweya wa m'kati umazizira n'kuyamwa madzi kudzera pa gasiketi yong'ambika kapena pa kamphira kotha. Madziwo amasakanikirana ndi girisi ndi fumbi n'kupanga thope louma, dzimbiri n'kugwira mphete ya mano. Kachogwirira kamapotokoka bwinobwino kufika pa LOCK, koma m'kati palibe chasuntha. Mdani wachiwiri, chodabwitsa, ndi chikondi chopitirira. Makaniko wakhama amadzaza habu ndi girisi wolimba mpaka kusefukira, poganiza kuti akuichitira zabwino, osadziwa kuti sipuling'i yake ndi yofooka ndipo singathe kukankha mphete m'phala lotere. Mdani wachitatu ndi ulova. Habu yomwe yakhala pa FREE kuyambira Meyi mpaka Novembala imaiwala ntchito yake. N'chifukwa chake mabuku a Toyota a galimoto zimenezi amalangiza kuti mwezi uliwonse ziziyendako makilomita osachepera 16 mahabu ali pa LOCK, kuti mafuta ndi girisi zizungulire m'zitsulo zakutsogolo. Madalaivala amene adawerengapo tsamba limenelo ndi owerengeka. Ambiri adalandira galimoto buku litasowa kale.

Palinso kuthyoka kwenikweni. Habu ya Aisin imamangidwa ndi manati asanu ndi limodzi pa masitadi, omwe ndi mabawuti opanda mutu, ndipo pansi pa nati iliyonse pali kawashala kosongoka ngati chipewa cha mfiti, kamene kamaluma sitadi kuti habu isagwedere. Manatiwa akamasuka pang'ono chabe, habu imayamba kumenya masitadi nthawi iliyonse galimoto ikakoka, mpaka tsiku lina onse amadukira limodzi. Tsikulo limakhala la matope, galimoto italemedwa ndi matumba a feteleza, dalaivala ataponda moto mpaka pansi, tayala likuzungulira mwaukali kenako n'kugwira mwala mwadzidzidzi. Mphamvu yonse ija imafunafuna pothyola. Ikapanda kudula masitadi imasenga mano a habu, kapena imaphwanya mfundo ya shafiti yomwe amakaniko amaitcha Birfield, makamaka ngati chiwongolero chinali chokhotetsedwa mpaka kumapeto.

Zolakwa zina ndi za pa chiwongolero. Kuyenda pa tala wouma giya ili pa H4 kumamanga zitsulo, chifukwa pokhota matayala akutsogolo amayenda mtunda wotalikirapo kuposa akumbuyo ndipo palibe poterera kuti zimasuke. Kuyenda habu imodzi ili pa LOCK ina pa FREE kumatopetsa timagiya ta m'kati mwa difu. Kukoka katundu pa L4 mahabu ali pa FREE kumaunjika mphamvu yonse kumbuyo. Ndipo mahabu odzitseka okha, omwe adabwera pa mitundu ina ya Nissan, Isuzu ndi Mitsubishi, amamasuka n'kutsekanso galimoto ikasintha kolowera, kotero kuti dalaivala amene akuigwedeza kutsogolo ndi kumbuyo pofuna kutuluka m'matope amakhala akuwakukuta mano.

Kuyeza habu sikulira makina kapena ndalama. Galimoto iime pamalo osalala, injini itazimitsidwa, miyala itaikidwa ku matayala, giya yaing'ono ili pa H2 ndipo mahabu onse awiri ali pa LOCK. Munthu akalowa pansi n'kuyesa kuzunguza ndi dzanja shafiti yaitali yopita kutsogolo, iyenera kuyenda pang'ono chabe kenako n'kukana. Ikangozungulira osakana, ndiye kuti mbali imodzi yafa. Pofuna kudziwa mbali yake, amakweza tayala limodzi ndi jeke, kulizunguza ndi manja, n'kuona ngati shafiti ya mbali imeneyo ikutsatira. Kenako amachita chimodzimodzi mbali inayo. Ntchito yonseyi siitha theka la ola. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri amaiyeza habu koyamba galimoto itamira kale mpaka m'mimba.

Kukonza kwake nakonso n'kwa sipanala ziwiri, pulayala ndi hamala. Makaniko wodziwa ntchito amayamba waika kachogwirira pa FREE, n'kumasula timabawuti tisanu ndi kamodzi ta chivundikiro, ndipo chivundikirocho chimatuluka pamodzi ndi mphete ya mano ndi sipuling'i yake. Amachotsa kamphete kotsekera kapena bawuti imene ili kumapeto kwa shafiti, malinga ndi mtundu wa galimoto, kenako manati aja. Apa ndi pamene pamaonekera kusiyana kwa mmisiri ndi wongoyerekeza, pakuti timawashala tosongoka sitituluka mwaulemu. Wosadziwa amalowetsa tchizulo pakati pa habu ndi tayala n'kuwononga nkhope zonse ziwiri, ndipo kuyambira tsikulo madzi apeza khomo. Wodziwa amabwezera nati kumapeto kwa sitadi kuti ateteze mazinga, amaika kachitsulo ka mkuwa pamwamba pake, n'kumenya ndi hamala mpaka kawashala katadumpha kokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zonse zikatuluka zimatsukidwa mu palafini, n'kuyalidwa pa nsalu yoyera, osati pa dothi. M'kachogwirira muli kampira kachitsulo kochepa kuposa njere ya mapira, ndi kasipuling'i kake. Ndi kameneka kamene kamagwira habu pa FREE kapena pa LOCK, ndipo kakagwera mumchenga sikapezekanso. Makaniko amayang'ana mano onse. Ngati ali akuthwa ndi athunthu, habuyo ndi yamoyo: imangofuna girisi wopaka mopyapyala, magasiketi awiri atsopano ndi kamphira katsopano. Masitadi opindika kapena oduka amasinthidwa onse, ndipo tizikhomo tachitsulo tomwe timathandiza masitadi kunyamula mphamvu tiyenera kukhala m'malo mwake. Pomanga, manati a habu amafuna mphamvu yokwanira, koma timabawuti ta chivundikiro timangofuna gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu imeneyo. Ambiri amatidula pofuna kuonetsa nyonga. Patatha masiku angapo galimoto ikuyenda, manatiwo ayesedwenso.

Mahabu ochuluka amene amatayidwa m'makomboni ndi m'magalaja akadadzuka ndi palafini wa botolo limodzi. Koma ilipo habu imene yafadi: mano asengeka, thupi lang'aluka, mabowo a masitadi akula ngati maso a kadzidzi. Pamenepo mwini galimoto amanyamuka ulendo wa ku Harare, ku msewu wa Kaguvi kumene kuli masitolo a zipangizo za galimoto, ku Magaba ku Mbare kapena ku Gazaland ku Highfield. Wanzeru amanyamula habu yakufayo m'thumba, chifukwa mahabu amafanana kunja koma m'kati ndi osiyana. Land Cruiser ndi Hilux yakale ya ekiselo yolimba zili ndi mano 30 kumapeto kwa shafiti, pamene Hilux yomwe tayala lililonse lakutsogolo limanjanja palokha ili ndi 26. Wogula mongoloza ndi chala amabwerera ku Centenary ndi chitsulo chosalowa, ndalama ya basi itapita.

Pamsikapo adzamuonetsa mitundu itatu: yatsopano yeniyeni, yomwe mtengo wake umaumitsa pakamwa, yakale yeniyeni yochotsedwa pa galimoto yangozi, ndi yatsopano yonyezimira, yotsika mtengo, yomwe nthawi zina imakhala m'bokosi lolembedwa dzina la kampani yotchuka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yonyezimirayo kawirikawiri imakhala ya chitsulo chofewa, ndipo imagwira bwino ntchito mpaka tsiku limene ikufunikadi. Kwa galimoto yonyamula odwala, habu yakale yeniyeni yomwe mano ake aonedwa ndi maso ndi yabwino kuposa yatsopano yosadziwika kwawo.

Ilipo njira ina imene eni galimoto ambiri saidziwa. M'malo mwa habu akhoza kuika fulanji, chitsulo chafulati chopanda sipuling'i kapena kachogwirira, chimene chimamanga shafiti ku tayala mpaka kalekale. Ma Land Rover akale ankatuluka ku fakitale ali choncho, ndiponso ma Land Cruiser amene amakoka ndi matayala anayi nthawi zonse. Mafuta amakwerako pang'ono ndipo zitsulo zakutsogolo sizipuma, koma mulibe choti chichite dzimbiri, ndipo dalaivala satsikanso m'matope usiku kukapotokola kanthu. Galimoto ya pa chipatala cha kumudzi, yomwe moyo wake wonse uli pa msewu wafumbi ndipo imayendetsedwa ndi anthu osiyanasiyana, fulanji imaiyenera kwambiri. Yoyenda mtunda wautali pa tala, monga kuchoka ku Karoi kupita ku Harare sabata ndi sabata, ikhale ndi mahabu ake. Njira yowotcherera habu kuti ikhale pa LOCK mpaka muyaya ndi ya pangozi basi: imatulutsa galimoto m'thengo, koma kutentha kumafewetsa chitsulo, ndipo tsiku losintha mabeling'i makaniko adzatukwana amene adawotchererayo.

Manja alipo, mapepala palibe

Funso lotsala ndi lakuti ntchitoyi aigwire ndani. Famu iliyonse yaikulu ya fodya inali ndi galaja yake, ndipo m'galajamo munali amuna amene adaphunzira umakaniko ndi maso ndi manja, kuyambira pa kutsuka zitsulo ali anyamata mpaka kuphwasula injini ya thirakitala. Ambiri mwa antchito a m'mafamuwa makolo awo adachokera ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia linkanyamula ofuna ntchito ochokera kumpoto pa malole osalipiritsa omwe anthu adawatcha Ulere, ndipo m'chaka cha 1946 kudabwera bungwe lolemba antchito lomwe ku Nyasaland linkadziwika kuti Mthandizi. Ena adabwerera kwawo ndi njinga ndi sutikesi, ena adatchona. Zidzukulu zawo ndi zimene zimavina gule wamkulu m'makomboni a ku Trelawney ndi ku Shamva, ndipo Chichewa chawo, chosakanikirana ndi Chishona, chili m'gulu la zilankhulo 16 zimene malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amazivomereza.

Kugawidwa kwa minda kudawapeza anthu amenewa ali pakatikati. Lipoti limene a Lloyd Sachikonye adalembera bungwe la Farm Community Trust of Zimbabwe m'chaka cha 2003 lidasonyeza kuti mwa antchito a m'mafamu oposa 300,000, pafupifupi 200,000 adali atataya ntchito, ndipo amene adalandira minda sadafike asanu pa 100 alionse. Kumudzi kobwerera ambiri adalibe. Kafukufuku amene a Ian Scoones ndi anzawo adachita ku Mvurwi adapeza kuti mabanja ambiri otere adakali m'makomboni momwemo, akugulitsa luso lawo kwa alimi atsopano: wodziwa kuwotcha fodya amaitanidwa ku bani, wodziwa kusankha masamba amaitanidwa ku chigafa. Makaniko naye ali pomwepo, ndi bokosi lake la masipanala osakwana, akukonza mapampu, njinga zamoto ndi zigayo pa mtengo wa ndowa ya chimanga.

Alimi amamudziwa munthu ameneyu ndipo amamuitana. Amene samuona ndi mabungwe ndi maofesi. Galimoto ya pulojekiti ikafa habu ku Mhangura, lamulo la ofesi limafuna makoteshoni atatu, kampani yolembetsedwa, chiphaso cha msonkho cha ZIMRA ndi akaunti ya ku banki. Makaniko wa ku komboni alibe ngakhale chimodzi. Ena alibe n'chitupa chomwe, pakuti lamulo la unzika la 2001 lidasiya ana ambiri a obwera ali opanda dziko, ndipo ngakhale ndime 43 ya malamulo a 2013 idabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe omwe kholo lawo lidachokera m'maiko a SADC, lipoti la Amnesty International la 2021 lidapeza kuti ambiri adakalephera kupeza mapepala chifukwa makolo awo adamwalira osasiya kalata iliyonse. Wopanda chitupa sangalembetse mayeso a boma a umisiri, omwe m'Zimbabwe amayambira pa kalasi 4 kukwera mpaka kalasi 1 ndipo adakonzedwera anthu ngati iyeyu, ophunzira ntchito ali pantchito. Zotsatira zake, galimoto imakokedwa makilomita oposa 100 kupita ku tawuni, kapena imakwezedwa pa njerwa kuseri kwa ofesi kudikira siginecha, pamene munthu woti akadaidzutsa masana amodzi akupalira m'munda wa wina kuseri kwa mpanda.

Malamulo a kagulidwe ka zinthu ali ndi chifukwa chake. Ndalama za opereka thandizo zidabedwapo kudzera m'magalaja abodza, ndipo palibe angatsutse zimenezo. Koma lamulo limene limateteza madola ochepa a gasiketi n'kuimitsa katemera wa dera lonse kwa milungu itatu lasokoneza chachikulu ndi chaching'ono. Sipafunika msonkhano wa ku hotela kuti izi zikonzeke. Ofesi ikhoza kupatula kandalama kochepa ka zokonza zazing'ono komwe woyang'anira dera angalipire ndi lisiti wamba. Ikhoza kulemba maina a amakaniko odalirika a m'dera lililonse, monga imalembera azaumoyo a m'midzi. Bungwe limene likuphunzitsa achinyamata ntchito zamanja likhoza kulemba nkhalamba za m'magalaja a mafamu kuti zikhale aphunzitsi, n'kuzithandiza kupeza zitupa ndi kulembetsa mayeso, zisanapite ndi nzeru zawo kumanda. N'zochititsa chidwi kuti m'mapulani a mapulojekiti mzere wogulira galimoto yatsopano umalembedwa ndi zilembo zazikulu, pamene mzere woisamalira ndiwo umayamba kudulidwa ndalama zikachepa.

Buku la ulendo limene dalaivala wa bungwe amalemba tsiku ndi tsiku lili ndi malo a makilomita, a malita a dizilo ndi a siginecha ya bwana, koma lilibe malo osonyeza tsiku limene mahabu adatsekedwa komaliza. Mzere umenewo ukhoza kujambulidwa ndi rula ndi bolopeni. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo ndipo pansi pa galimoto pali pouma, ndiyo nthawi yoyeza shafiti ndi dzanja, kutsuka mahabu ndi kuitanitsa zosowa ku Harare mabasi akadafika m'mafamu. M'bokosi la kuseri kwa mpando muyenera kukhala sipanala ya 10 ndi ya 12, pulayala yochotsera kamphete, kachitsulo ka mkuwa, masitadi asanu ndi limodzi ndi manati ndi mawashala ake, magasiketi awiri, ndi fulanji imodzi yokulungidwa m'nsalu ya mafuta. Zonsezi zimakwana m'chitini chimodzi cha mkaka wa ufa.